BULEKI YOIMIKIRA MAKINA OTAPA MCHENGA: MATENDA AKE NDI MANKHWALA AKE

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera pa Kameza, kudzera pa Lunzu ndi pa Matindi mpaka kukafika pa Lirangwe, kapena wolunjika ku bwalo la ndege la Chileka, angathe kuchitira umboni kuti dera limeneli ladzala ndi ntchito zomangamanga. Minda yambiri imene kale inali ya chimanga ndi nandolo lero yadulidwa mapuloti, ndipo m'mphepete mwa msewu muli milu ya mchenga, miyala ya kwale ndi mabuloko a simenti oyanikidwa padzuwa. Kuyambira m'chaka cha 2018, pamene boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ntchito youmba mabuloko yakula, ndipo pamodzi ndi iyo kwakulanso kufunika kwa makina otapa ndi kunyamula mchenga.

Pakati pa makina otere pali ena aang'ono, a matayala anayi, okhala ndi chifosholo kutsogolo, amene amazungulira pamalo amodzi ngati nguli. Pa Chingerezi amatchedwa skid steer loader, koma anthu ambiri amangoti Bobcat potsata dzina la mtundu wotchuka, monga momwe timatchulira mankhwala alionse otsukira mano kuti Colgate. Mnyamata kapena mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4 angathe kudzapezeka akuyendetsa makina amenewa, kapena akupatsira masipanala kwa makaniko amene akuwakonza. N'chifukwa chake lero tikambirana za kachiwalo kamodzi ka makinawa kamene kamaimitsa ntchito kawirikawiri, ndiponso kamene, kakanyozedwa, kangathe kuchotsa moyo wa munthu. Kachiwaloko ndi buleki yoimikira, ija pa galimoto timaitcha handibuleki.

CHIYAMBI CHA MAKINAWA

Makina amenewa anabadwira m'khola la nkhukundembo. Mlimi wina wa m'chigawo cha Minnesota ku America, dzina lake Eddie Velo, anavutika ndi kuchotsa ndowe m'makola ake chifukwa thirakitala sinkatha kutembenuka pakati pa nsanamira. Anapita kwa abale awiri osula zitsulo, Louis ndi Cyril Keller a ku Rothsay, ndipo m'chaka cha 1957 iwo anam'pangira kamakina ka matayala atatu kotha kutembenuka pamalo opanikiza. M'chaka cha 1958 kampani ya Melroe ya ku Gwinner, ku North Dakota, inatenga luso limenelo, ndipo pofika 1960 inatulutsa makina a matayala anayi. Dzina lakuti Bobcat linayamba m'chaka cha 1962. Lero makampani ena monga Caterpillar, Case, New Holland, John Deere ndi JCB amapanganso makina a mtundu womwewo.

Mwa makina amene amafika kuno kwathu, ambiri amakhala atagwirapo kale ntchito kumaiko ena, ndipo ena amafika opanda buku lake la malangizo. Zipangizo zake zimaitanitsidwa kunja. Ndalama ya Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa kachitsulo kalikonse kochokera kunja unakwera koopsa. Kotero makaniko amene amasintha zipangizo mongolota, kuti mwina vuto lili apa kapena apo, amasaukitsa mwini makina. Wofunika ndi amene amayamba wapeza gwero la matenda.

CHIFUKWA CHAKE BULEKI IMENEYI NJOFUNIKA

Makinawa alibe chiwongolero chozungulira, alibenso buleki yoponda ndi phazi yonga ya galimoto. Injini ya dizilo imazunguza mapampu awiri a mafuta a hayidiroliki. Pampu imodzi imatumiza mafuta ku mota ya kumanzere, ina ku mota ya kumanja, ndipo mota iliyonse imazunguza matayala awiri a mbali yake kudzera m'matcheni amene ali m'bokosi la mafuta pansi pa makinawo. Woyendetsa akafuna kukhota, amafulumizitsa mbali imodzi kuposa inzake. Akafuna kuima, amabwezera zogwirira pakati, mafuta n'kuleka kuyenda, matayala n'kuima.

Tsono wina angafunse kuti: ngati mafuta okha amaimitsa makina, buleki ina njachiyani? Yankho lake n'lakuti mafuta sagwira mpaka kalekale. M'kati mwa pampu ndi mota muli timipata tating'ono tomwe mafuta amadonthera, makamaka makina akakalamba. Mukawasiya pamtsetse injini itazima, amayamba kukwawa pang'onopang'ono osamveka phokoso. Ndiponso ngati zogwirira zija sizikubwerera pakati penipeni, makina amayenda okha injini ikamalira.

Dera la Chileka ndi Lirangwe ndi kumene dziko limatsika kuchokera ku mapiri a Blantyre kulowera ku mtsinje wa Shire, ndipo malo otapako mchenga amakhala m'magombe otsetsereka a mitsinje. Tiyeni tiwerengetse pang'ono monga timachitira m'kalasi. Makina apakati a mtundu umenewu amalemera pafupifupi makilogalamu 3,000. Pamtsetse umene umatsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, mphamvu yokokera makinawo kunsi imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ndiye kuti yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 300, kapena matumba 6 a simenti. Mtsetse wotere munthu woyenda pansi sauona ngati kanthu. Koma palibe munthu amene angaimitse makinawo ndi manja akayamba kutsika.

MITUNDU ITATU YA BULEKI

Munthu asanayambe kufufuza vuto, adziwe kaye mtundu wa buleki imene ili pa makina ake, pakuti ilipo mitundu itatu.

Mtundu woyamba, umene umapezeka pa makina akale, ndi wa chingwe cha waya. Chingwecho chimakankha kapena kukoka kachitsulo kolowa m'bowo la gudumu la mano limene tcheni imayendapo. Matenda ake ndi oonekera ndi maso: chingwe chimatamuka, chimaduka, kapena chimachita dzimbiri m'chimake.

Mtundu wachiwiri umapezeka pa makina ambiri a Bobcat a matayala. Pa mota iliyonse pali mbale yachitsulo yokhala ndi mipata m'mphepete mwake. Pamwamba pake pali chitsulo chonga mpiringidzo wa chitseko, chimene sipuling'i imachikankhira pansi kuti chilowe m'mipata ija ndi kuletsa mbale kuzungulira. Chimene chimanyamula mpiringidzowo ndi maginito a magetsi otchedwa solenoid. Solenoid imeneyi ili ndi makoyilo awiri. Yoyamba njamphamvu, imakoka mpiringidzo kwa kanthawi kochepa chabe kenaka n'kuzima. Yachiwiri njofatsa, imangougwirizira m'mwambamo nthawi yonse imene makina akuyenda.

Mtundu wachitatu, umene wafala pa makina atsopano a makampani ambiri, ndi wa timbale tosanjikizana m'kati mwa mota. Masipuling'i olimba amapanikiza timbaleto kuti tigwirane, ndipo buleki imakhala yogwira. Kuti imasuke, vavu yoyendera magetsi imatsegula njira kuti mafuta opanikizika akankhe pisitoni, pisitoniyo n'kubweza masipuling'i m'mbuyo.

Onani chinthu chimodzi chimene mtundu wachiwiri ndi wachitatu ukufanana. Sipuling'i ndiyo imamanga buleki, pamene magetsi kapena mafuta ndiwo amaimasula. Izi anazikonza dala, kuti waya akaduka, injini ikazima kapena paipi ikaphulika, makina aime m'malo mothawa. Nzeru imeneyi njakale. George Westinghouse anaigwiritsa ntchito m'chaka cha 1872 pa mabuleki a mpweya a sitima za pamtunda, kotero kuti ngolo ikaduka pa mndandanda, mabuleki amadzimanga okha. Malole akuluakulu amene amadutsa pa Lirangwe kupita ku Zalewa nawonso ali ndi mabuleki a sipuling'i amene amagwira mpweya ukatha. Phunziro lake kwa makaniko nali: buleki ikakana kumasuka, kawirikawiri buleki yeniyeniyo imakhala ili bwino, chimene chasowa ndi magetsi kapena mphamvu ya mafuta yoimasulira.

MUSANAGWIRE SIPANALA

Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, la NIOSH, linatulutsa chenjezo lapadera la makina amenewa m'chaka cha 1998. Linapeza kuti ambiri mwa anthu amene anafa anapanikizidwa pakati pa chifosholo kapena mikono yonyamulira ndi thupi la makina, ndipo pa ngozi zina zida zotetezera zinali zitachotsedwa kapena kulumphitsidwa. Choncho dongosolo loyambira ntchito lisasinthe, kaya mwini makina akufulumizitsa motani.

Tsitsani chifosholo chigone pansi. Zimitsani injini, chotsani kiyi ndi kumuika m'thumba mwanu. Ikani zipika kapena miyala ikuluikulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, pakuti mukukonza buleki ndipo ingathe kumasuka manja anu ali m'kati. Ngati ntchito ikufuna kuti mikono ikhale m'mwamba, ichirikizeni ndi chitsulo chake chimene opanga anakonzera ntchito imeneyo. Mtengo wa bulugamu kapena mulu wa mabuloko sizilowa m'malo mwake. Ngati mukutukula kanyumba ka woyendetsa kuti muone mapampu, onetsetsani kuti kakoledwa bwino. Pamene muyesa makina injini ikulira, pasakhale munthu kutsogolo kapena kumbuyo, makamaka ana, amene amakonda kuunjikana pamene pali makina.

Pali ngozi inanso imene ambiri saidziwa. Mafuta a hayidiroliki otuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu ngati jakisoni. Bala lake limaoneka ngati la minga, koma mafutawo amaononga mnofu m'kati, ndipo munthu angathe kuduka chala kapena dzanja. Pofufuza podontha, gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja. Wolasidwa motere apite naye kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth Central Hospital, nthawi yomweyo, ndipo adokotala auzidwe kuti m'balamo mwalowa mafuta.

BULEKI IKAKANA KUMASUKA

Ili ndilo dandaulo lofala. Injini ikulira bwinobwino, koma mukakankha zogwirira makina angobuula osasuntha, nyali ya buleki ili chiyakire. Lamulo lake n'kuyambira pa zinthu zapafupi ndi zotsika mtengo, kenaka n'kumalowa m'kati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, funsani woyendetsa. Kodi vuto linayamba liti? Kodi makina anatsukidwa ndi madzi, anawoloka mtsinje, kapena anagona pamvula? Kodi limabwera m'mawa kokha, kapena makina akatentha? Kodi pali amene anagwirako mawaya posachedwa? Ngati makina ali ndi kagalasi koonetsa manambala a zovuta, lembani nambalayo musanazimitse, chifukwa buku la makinawo limamasulira tanthauzo lake.

Chachiwiri, onani ngati mpiringidzo sunangopanikizika. Makina a mtundu wachiwiri uja akaimikidwa pamtsetse, kulemera kwake konse kumatsamira pa mpiringidzo, ndipo solenoid imalephera kuuzula. Woyendetsa atakhala pampando, asunthe zogwirira pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti mbale ileke kuupana. Nthawi zina ntchito yonse imathera pomwepa popanda kumasula bawuti ndi imodzi yomwe.

Chachitatu, onani maswichi otetezera. Makinawa salola kuti buleki imasuke pokhapokha atatsimikiza kuti woyendetsa ali m'malo mwake. Malinga ndi mtundu wake, pamakhala swichi pansi pa mpando, ina pa chitsulo chotchinga chimene woyendetsa amatsitsa patsogolo pa mimba yake, ina pa lamba kapena pa chitseko, kuonjezera pa batani la buleki. Fumbi la mwezi wa October ku Chileka, fumbi la simenti ndi matope a dzinja zimalowa m'maswichi amenewa ndi m'malo olumikizira mawaya. Makoswe nawonso amatafuna mawaya a makina ogona panja. Tsitsani ndi kukweza chotchinga chija mukuyang'ana nyali zake. Ngati nyali sikusintha, vuto lili pa swichi imeneyo kapena pa waya wake.

Chachinayi, yesani batire ndi kachipangizo kotchedwa multimeter. Batire lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira liyenera kufika pafupifupi 14. Likaonetsa mochepera, kapena mitu yake ikachita zoyera ngati ufa, solenoid singapeze mphamvu yokwanira. Onaninso waya wopita ku thupi la makina, amene amakaniko amati ethi, pakuti akachita dzimbiri amabweretsa matenda osokoneza mutu. Mukatero onani fyuzi ndi relay ya buleki. Relay mungaiyese poisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo ya m'bokosi lomwelo. Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Ikapsanso, ndiye kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Kumanga fyuzi ndi kawaya ka kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'kuitana moto.

Chachisanu, mverani ndi kuyesa solenoid. Mukadina batani lomasulira buleki pamayenera kumveka kugunda. Ngati palibe phokoso lililonse, ndiye kuti koyilo yokoka sikulandira magetsi kapena yapsa. Ngati yagunda koma nthawi yomweyo mpiringidzo n'kugwanso, koyilo yokoka ili bwino ndipo yolakwa ndi yogwirizira ija kapena waya wake. Apa ndi pamene lamulo la Ohm, lija ophunzira amaloweza pokonzekera mayeso, limagwira ntchito. Zulani pulagi ya solenoid ndi kuyesa koyilo iliyonse. Koyilo yokoka imakhala yosafika ohm imodzi, pamene yogwirizira imakhala cha m'ma ohm 10. Nambala yeniyeni ili m'buku la makina anu. Tiyerekeze kuti yokoka ndi ya ohm 0.4: mavoti 12 kugawa ndi 0.4 ndi maampu 30. Yogwirizira ya ohm 10 imangotenga maampu 1.2. Kuwerengetsa kumeneku kukutiuza zinthu ziwiri. Kukutiuza chifukwa chake batire lofooka kapena polumikizira padzimbiri zimalepheretsa buleki kumasuka ngakhale nyali zonse zikuyaka. Kukutiuzanso chifukwa chake koyilo yokoka imapsa munthu akaipatsa magetsi kwa nthawi yaitali. Multimeter ikaonetsa kuti njira ya magetsi njoduka m'kati mwa koyilo, solenoid yafa ndipo iyenera kusinthidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, pa makina a timbale, yesani mphamvu ya mafuta. Ngati magetsi akufika pa vavu ndipo koyilo yake ili moyo, onani kuchuluka kwa mafuta m'thanki, maonekedwe ake ndi fyuluta. Mafuta otuwa ngati mkaka alowa madzi. Onunkha chopserera atenthedwa. Kenaka lumikizani geji pa njira yopita ku buleki. Mafuta omasulira buleki amachokera ku pampu yaing'ono yodyetsa mapampu aakulu, ndipo pa makina ambiri mphamvu yake imakhala pakati pa mabaa 20 ndi 30, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa awiri okha. Blaise Pascal anatiphunzitsa kuti mphamvu yokankha pisitoni ndi kupanikizika kwa mafuta kuchulukitsa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoniyo. Tiyerekeze pisitoni ya masikweya sentimita 40: pa mabaa 25 imakankha ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 1,000, koma kupanikizika kukatsika kufika pa mabaa 10 imangokankha ngati makilogalamu 400. Pamenepo masipuling'i amapambana, buleki imamasuka mwatheka, timbale timakhulana ndi kutentha, ndipo makina amayenda molemedwa.

Geji imatha kulozanso kumene kuli vuto. Ngati mphamvu ya mafuta njochepa ponseponse, ganizirani fyuluta yotsekeka, mafuta ochepa kapena pampu yotha. Ngati ili bwino isanafike pa vavu koma siikudutsa, vavu yamatirira ndi zinyalala. Ngati ili bwino buleki ili yomanga koma n'kugwa mukangoimasula, ndiye kuti mphira wotsekera pisitoni wang'ambika ndipo mafuta akuthawira m'kati mwa mota. Kumasula mbali imeneyi ndi ntchito ya makaniko wozolowera, chifukwa masipuling'i a m'menemo ndi opanikizika kwambiri ndipo angathe kuulutsa chivundikiro kumaso kwa munthu. Ntchitoyo ichitikire pamalo aukhondo, pakuti kamchenga kamodzi n'kokwanira kuononga pampu.

Makina akafera pamalo oipa, musawakoke ndi lole buleki ili yomanga. Mungathe kuthyola mpiringidzo, kudula tcheni kapena kuononga mota. Buku la makina alionse limafotokoza njira yake yomasulira buleki pofuna kuwasuntha, ndipo kusunthako kukhale kwa kamtunda kochepa ndi mwapang'onopang'ono.

BULEKI IKAKANA KUGWIRA

Vuto ili silidandaulitsa anthu monga loyamba lija, chifukwa ntchito siima. Komatu ndilo loopsa koposa. Njira yoliyesera njapafupi: woyendetsa akhale pampando atamanga lamba, aimike makina pa kamtsetse kofatsa kumene kunsi kwake kulibe munthu, dzenje kapena nyumba, chifosholo chili pafupi ndi nthaka, amange buleki ndi kuona ngati matayala akusuntha. Akasuntha, atsitse chifosholo pansi msanga, ndipo makinawo asagwire ntchito mpaka atakonzedwa.

Pa buleki ya chingwe, yang'anani kutamuka kwa chingwe ndi kutha kwa kachitsulo kolowa m'bowo. Pa buleki ya mpiringidzo, sipuling'i ingathe kukhala yothyoka, mpiringidzo wopindika kapena womatirira m'mwamba, kapena mipata ya mbale yoperepeseka. Zimenezi zimachitika kawirikawiri woyendetsa akamamanga buleki makina akali kuyenda, pakuti buleki imeneyi anaipangira kugwira makina oima kale. Zidutswa za chitsulo chothyokacho zimagwera m'bokosi la matcheni, choncho mafuta a m'menemo akhuthulidwe ndi kuunikidwa. Pa buleki ya timbale, timbaleto tingathe kukhala totha, masipuling'i ofooka, kapena vavu yomatirira potseguka kotero kuti mafuta sakubwerera ku thanki. Geji ikaonetsa kuti mafuta akali opanikizika pa buleki pamene batani lili pomanga, musavutike kumasula mota, konzani vavu.

Kumbukiraninso kuti buleki imagwira pa mota, pamene matayala amalumikizidwa ku motayo ndi tcheni. Tcheni ikaduka, tayala lake limazungulira mwaufulu ngakhale buleki ili yatsopano. Ndipo pa makina ogulidwa kwa munthu wina, tsegulani muone ngati mpiringidzo ulipo n'komwe, popeza alipo ena amene vuto likawatopetsa amangouchotsa kapena kuumangirira m'mwamba ndi waya.

MSAMPHA WA KULUMPHITSA WAYA

Tiyerekeze kuti lole yafika kudzatenga mchenga, dalaivala akuliza hutala, ndipo makina akana kusuntha chifukwa swichi ya pampando yafa. Mwini ntchito akuuza mnyamata wake kuti: "Tangolumikiza mawaya awiriwo, swichi tidzagula mawa." Mnyamatayo akulumikiza, makina akuyenda, aliyense akumutama kuti ndi katswiri. Chimene chachitika n'chakuti makinawo tsopano akukhulupirira kuti pampando pali munthu nthawi zonse. Tsiku lina woyendetsa adzatsika injini ikulira kuti achotse mwala pa chifosholo, mwendo wake udzakhudza chogwirira, ndipo makina adzamvera. Khomo la makina ambiri a mtundu umenewu lili kutsogolo, pakati pa mikono iwiri yonyamulira, kotero wotsika amadutsa pamalo oopsa enieniwo. Tsoka silinunkha, ndipo mawa lija logulira swichi silifika ntchito ikangoyamba kuyenda.

Makaniko wodziwa amatha kulumphitsa swichi kwa mphindi zochepa pofuna kutsimikiza kuti ndiyo yolakwa, matayala atatukulidwa pa zochirikiza zolimba, ndipo akatsimikiza amachotsa kawayako pomwepo. Kusiya makina akugwira ntchito motero n'kosiyana kotheratu. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti makina ndi osaika moyo pachiswe, ndipo lamulo la m'chaka cha 2000 limanena za chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito. Wachinyamata wongoyamba kumene ntchito amaopa kukana zimene bwana wanena. Komabe angathe kuyankha mwaulemu kuti: "Bwana, ndikuopa kuti tingapweteke munthu, ndiloleni ndiyambe ndatsuka polumikizira ndi kuyesa swichiyo, mwina sitifunika n'kugula komwe." Nthawi zambiri fumbi ndi dzimbiri zikachoka swichi imadzukanso.

MAU KWA APHUNZITSI NDI OTSIRIZA SUKULU

Aphunzitsi anzanga, zonse zimene tafotokoza pano zili kale m'maphunziro a sayansi amene timaphunzitsa: maginito a magetsi, lamulo la Ohm, kupanikizika kwa zamadzimadzi, kukhulana kwa zinthu ndi mphamvu pamtsetse. Solenoid yakufa yopemphedwa ku galaja, relay yakale, batire ndi multimeter imodzi n'zokwanira kuti kalasi lonse lione ndi maso zimene limangolemba m'makope. Majakisoni awiri apulasitiki osiyana kukula, opanda singano, olumikizidwa ndi kapaipi kodzaza madzi, amaonetsa lamulo la Pascal bwino lomwe. Wophunzira amene wayesapo koyilo ndi dzanja lake sadzaiwala kuti ohm n'chiyani.

Inu amene mwatsiriza sukulu, dziwani kuti ntchito ya makina imalemekeza munthu wowerenga. Amakaniko odziwa kumasula bawuti ndi ambiri, koma otha kuwerenga chithunzi cha mawaya ndi kumasulira geji ndi ochepa, ndipo makina atsopano akudza ndi magetsi ochuluka chaka ndi chaka. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Soche Technical College, ndipo maphunziro a uinjiniya akupezeka ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Amene mwayamba ngati othandizira makaniko, khalani ndi kope lolembamo vuto lililonse, zizindikiro zake, manambala amene munapeza poyesa ndi chimene chinachiza. Funsani pamene simukumvetsa, pakuti safunsa anadya phula.

Ndipo amene mwapatsidwa kale makina kuti muziyendetsa, zolowerani zinthu izi tsiku lililonse: m'mawa yesani buleki ndi chotchinga musanatape fosholo yoyamba, sesani fumbi ndi matope pansi pa mpando ndi pa mapazi, musaloze madzi amphamvu pa mawaya potsuka, sinthani fyuluta ndi mafuta pa maola amene buku lanena, ndipo poweruka imikani makina pamalo athyathyathya, chifosholo chitagona pansi, buleki itamangidwa, kiyi ali m'thumba. M'chigawo chotsatira tidzakambirana za kutentha kwa injini ndi kwa mafuta a hayidiroliki m'miyezi ya chilimwe.